Akukufunsani kuti mukufuna malipiro angati? Yambani mwadziwa kuti ndi ndalama yanji

Funso lachokera kwa mtsikana wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, yemwe agogo ake anachokera ku Mulanje. Iye akuti: "Ndili ndi dipuloma ya zotsatsa malonda, ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuyendetsa masamba a Facebook ndi Instagram a mashopu ang'onoang'ono ndili pakhomo. Kampani ina yotsatsa malonda ya ku Milton Park, mu Harare momwemuno, inandiitana ku intavyu. Atandifunsa kuti ndikufuna malipiro angati ndinachita mantha n'kuyankha kuti alionse amene angandipatse. Pano andiitananso. Akuti ndibwere ndi pulani yonse ya kampeni ya kasitomala wawo wina. Akutinso malipiro amapereka mbali ina m'madola a America, mbali ina mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, ndipo miyezi yoyambirira ndizilandira alawansi yokha. Mayi anga akuti ndisavute anthu chifukwa ntchito ikusowa. Kodi ndingaikambenso nkhani ya ndalamayi popanda kuoneka wadyera?"

Achemwali, mungaikambenso, ndipo muyenera kutero. Mawu amene munayankha tsiku lija sanakumangeni. Chimene chimamanga munthu ndi kalata yosainidwa, ndipo inu simunasaine kanthu.

Mayi anu musawaone ngati sakudziwa zimene akunena. Ntchito zolembedwa mu Harare muno n'zochepa, ndipo tonse tikuwadziwa ana a madigiri amene akugulitsa kaunjika m'misewu. Komanso m'mabanja mwathu muli mantha akale. Makolo athu ambiri anabwera kuno kudzagwira m'mafamu, m'migodi, kunjanji ndi m'nyumba za azungu, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, ndipo ana awo obadwira konkuno ankayenda ndi zitupa zowasonyeza kuti ndi alendo. Munthu wotere anaphunzira kuti bwana akatchula ndalama umangowomba m'manja. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anasintha zambiri: anazindikira kuti obadwira kuno kwa makolo a m'mayiko a SADC, amene ankakhala konkuno, ndi nzika, ndipo Chichewa anachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma mtima umachedwa kusintha, ndipo mantha ajawa ndi amene anayankha m'malo mwanu.

Ine ndakhala mbali inayo ya tebulo, mbali ya olemba anthu ntchito m'makampani otsatsa malonda, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika kumeneko. Kampani isanaitane munthu imakhala itaika kale ndalama za udindowo, zochepetsetsa ndi zochulukitsitsa. Ndalamazo zimachokera kwa makasitomala: ena amalipira mwezi ndi mwezi, ena amalipira ntchito imodziimodzi, ndipo kampani imapezanso kagawo pa ndalama zogulira malo m'nyuzipepala, pawailesi ndi pazikwangwani za m'misewu. Munthu akati "alionse," amene akulemba ntchitoyo amangomuika pansi penipeni, osati chifukwa cha nkhanza ayi, koma chifukwa palibe wamupempha zoposa pamenepo. Ndipo pali china chimene amachiona. Mawa lino mudzakhala pamaso pa kasitomala amene akufuna mavidiyo asanu pa mtengo wa awiri. Ngati mukulephera kuteteza mtengo wanu, mudzateteza bwanji mtengo wa kampani? Mu ntchito iyi kukamba za ndalama mofatsa ndi mosanjenjemera ndi mbali ya mayeso, ngakhale sakuuzani.

Ndiye poyambiranso nkhaniyi musapepese kwambiri. Akaitchula, kapena zokamba za ntchito zikatha, nenani m'Chingerezi kapena m'Chishona mawu a tanthauzo ili: "Tsiku lija ndinali ndisanaimvetse bwino ntchitoyi. Tsopano ndaona kukula kwake, ndipo ndingakonde tikambirane za malipiro. Kodi mwakonza ndalama zoyambira pati mpaka pati pa udindowu?" Ambiri amayankha. Akakana n'kunena kuti mutchule inuyo, ndiye mutchule, koma mukhale mutawerengera kale kunyumba.

Kuwerengerako kuyambire pa zimene ntchitoyi idzakudyereni. Kuchokera ku Mufakose kukafika ku Milton Park ndi kombi, minibasi ija, mpaka m'tauni, kenako ina kapena kuyenda wapansi, m'mawa ndi madzulo, masiku 22 pamwezi. Onjezani chakudya cha masana, data, tsitsi ndi zovala, poti makampani awa amafuna munthu wooneka bwino pamaso pa kasitomala. Kenako werengani zimene mukupeza kale kwa timashopu tanu, chifukwa makampani ambiri amaletsa wantchito kukhala ndi makasitomala akeake, ndipo ngakhale atakulolani nthawi idzakuchepelani. Ziwirizi mukaziphatikiza mwapeza pansi panu, pamene kutsika kuposa apo n'kugwira ntchito yodzisaukitsa. Za mtengo wa pamsika funsani anthu amene ali m'makampani otere: anzanu a kusukulu, amene munakumana nawo pa attachment, nthawi ija yophunzira ntchito m'kampani muli pasukulu, mamembala a Marketers Association of Zimbabwe. Munthu samasuka kukuuzani malipiro ake, koma mukamufunsa kuti "munthu wa zaka ziwiri pa udindo wotere amayambira pati kwanuko?" amayankha. Funsani angapo, chifukwa kampani ya anthu asanu ndi kampani yogwira ntchito za makampani akuluakulu monga Econet kapena Delta sizilipira mofanana. Nambala imene mukatchule ikhale pamwamba pang'ono pa imene mukufunadi, monga amachitira amayi a tomato ku Mbare Musika, amene amadziwa kuti wogula anenerera.

Tsopano ndifike pamene pandikhudza kwambiri m'funso lanu, pa mawu akuti "mbali ina m'madola, mbali ina mu ZiG." Kuno ku Zimbabwe nambala payokha sinena kanthu. Anthu ambiri amalimbana kuti awonjezeredwe madola 50, n'kuiwala kufunsa funso limene lingawadyere 100.

Takumbukirani zimene taziona ndi maso. Mu February 2019 boma linatulutsa lamulo lija la SI 33, limene linati ndalama ndi ngongole zimene zinkawerengedwa m'madola a America zisanduke madola a RTGS, ndalama ya ku Zimbabwe ya nthawi imeneyo, imodzi kwa imodzi. Mu January 2020 khoti la Supreme, pa mlandu wa Zambezi Gas, linagamula kuti ngongole yakale ya madola a America ikhoza kubwezedwa mu RTGS pa mtengo womwewo wa imodzi kwa imodzi, pamene RTGS inali itagwa kale kwambiri. Anthu amene makalata awo ankangoti "madola" anaona malipiro awo akusungunuka. ZiG inayamba mu April 2024 pa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 September chaka chomwecho Reserve Bank inaitsitsa mphamvu tsiku limodzi, n'kufika pa 24.39 pa dola. Tiyerekeze munthu amene mu April anagwirizana malipiro a madola 500: madola 300 enieni, ndi ZiG yokwana madola 200. Ngati kalata yake inalemba mbali yachiwiriyo ngati nambala yokhazikika, ndiye kuti inalemba ZiG 2,712. Pofika kumapeto kwa September, ZiG 2,712 yomweyo inali madola pafupifupi 111 pa mtengo wa banki. Munthuyo sanalakwe kanthu, bwana sanamudule kanthu, koma madola pafupifupi 90 apita mwezi uliwonse. Mnzake amene kalata yake inati "ZiG yofanana ndi madola 200 pa mtengo wa banki wa tsiku lolandira" sanataye zotere. Kusiyana kwa anthu awiriwa ndi mzere umodzi wa m'kalata.

Choncho pemphani kuti malipiro onse alembedwe m'madola a America, ndipo mbali ya ZiG iziwerengedwa pa mtengo wa tsiku lolipira. Funsani kuti mbali ya madola ndi yaikulu bwanji, ndipo yesetsani kuti ikwanire zinthu zimene simungalipire ndi ZiG mosavuta. Eni nyumba ambiri amafuna lendi m'madola, makondakitala nawonso amakonda dola, ndipo ngati mumatumiza kandalama kwa abale ku Mulanje kudzera ku Mukuru, mudzafuna madola. ZiG ili ndi ntchito yake, monga kugulira magetsi a ZESA ndi zinthu m'masitolo akuluakulu, ndiye simuyenera kuikana yonse. Koma muzidziwa kuchuluka kwa ZiG imene mungaigwiritse ntchito pamwezi popanda kukaisinthitsa moluza. Funsaninso ngati madolawo amapereka pamanja kapena amalowa mu akaunti ya nostro, yosungira madola a America ku banki, chifukwa a mu akaunti amadulidwa potapa, ndipo potumiza pali msonkho uja wa IMTT. Zikuoneka zazing'ono, koma pa malipiro a munthu woyamba kumene dola iliyonse ili ndi kopita.

Funso lachiwiri lofanana nalo kulemera: nambala imene akutchulayo ndi gross kapena net? Ndiye kuti, ndi ndalama zisanadulidwe kapena zimene zidzafike m'manja mwanu? Ndaonapo ana akusangalala ndi kalata, kenako n'kugwa nkhope tsiku la malipiro oyamba. Tiyeni tiwerengere limodzi pa madola 600, nambala yongoyerekezera. NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, imatenga 4.5 peresenti kwa wantchito, amene ndi madola 27, ndipo bwana amaikaponso 4.5 yake. Patsala 573. Pa matebulo a ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, a malipiro a madola a 2024 ndi 2025, madola 100 oyambirira salipira msonkho, kuyambira pamenepo mpaka 300 msonkho ndi 20 peresenti, ndipo kuchokera pa 300 mpaka 1,000 ndi 25 peresenti. Pa 573 msonkho ukukwana madola 108 ndi masenti 25. Pamwamba pake pali AIDS levy, 3 peresenti ya msonkhowo, madola atatu ndi masenti ochepa. Chofika m'manja ndi pafupifupi 461, ndipo apa sitinachotse medical aid. Mwaona? Amene anamva "600" n'kukalonjeza lendi ya chipinda chabwino wadziika m'mavuto. Inu mukamatchula nambala yanu nenani momveka kuti ndi yofika m'manja, kapena iwerengereni kale kuti mutchule gross yoyenera. Ndipo pepala la malipiro, losonyeza zonse zimene zadulidwa, ndi ufulu wanu pa lamulo la ntchito, si chifundo cha bwana. Kampani imene imapereka ndalama mu envelopu popanda pepala kawirikawiri sikupereka NSSA yanu, ndipo zimenezi zimadzaoneka mochedwa, munthu atavulala kapena atakalamba.

Za alawansi ya miyezi yoyambirira, apa ndiye pamafunika maso. Lamulo la ntchito, Labour Act, pa gawo 12, limalola nthawi yoyesedwa imodzi yokha, yosapitirira miyezi itatu, ndipo siibwerezedwa. Munthu amene ali pa nthawi imeneyi, yotchedwa probation, ndi wantchito, si mwana wasukulu wa pa attachment. Kampani ikhoza kukupatsani malipiro otsikirapo pa miyezi imeneyi ngati mwagwirizana, koma "miyezi yoyambirira" yopanda nambala ndi dzenje. Ndikudziwa achinyamata amene anakhala chaka chathunthu akulandira ya kombi yokha, akuuzidwa kuti "tikuonabe." Pemphani kuti kalata inene tsiku loyamba, tsiku lothera probation, ndalama za pa nthawiyo, ndi ndalama zimene mudzayambe kulandira ikatha. Nambala ziwiri zonsezi zikhale papepala limodzi. Gawo 12 lomwelo limalamula bwana kukudziwitsani molemba za malipiro, mmene amawerengedwera, nthawi yolandira, maola a ntchito, tchuthi ndi bonasi ngati ilipo. Mukapempha zimenezi mukungopempha chimene lamulo linanena kale.

Onaninso mtundu wa kontrakiti. Makampani otsatsa malonda amakonda makontrakiti a miyezi yowerengeka, chifukwa nawonso kasitomala akhoza kuwathawa. Si choipa pachokha, koma dziwani kuti notisi imatsatira kutalika kwa kontrakiti: miyezi itatu pa ntchito yokhazikika, mwezi umodzi pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi yosafika chaka, ndipo masabata awiri okha pa probation. Ena adzakuuzani kuti "tikulembani ngati consultant, muzingotipatsa invoice, ndalama zake n'zochulukirapo." Samalani. Consultant alibe tchuthi cholipidwa, alibe masiku odwala, alibe NSSA ya bwana, ndipo ngati mulibe chikalata cha ZIMRA cha ITF263, chosonyeza kuti za msonkho wanu zili bwino, kampani imayenera kudula 30 peresenti pa ndalama zanu zikapitirira malire a pachaka. Wantchito wolembedwa amapeza masiku 30 a tchuthi pachaka ndi masiku odwala ofika 90 pa malipiro athunthu. Ngati mukufika 8 koloko tsiku lililonse, kukhala pa desiki yawo ndi kumvera bwana wawo, ndinu wantchito, ndipo kalata inene choncho.

Tibwere ku pulani ya kampeni imene akupemphani. Kuyesa munthu ndi kantchito n'kwachilungamo, ine ndemwe ndimachita, chifukwa satifiketi siionetsa mmene munthu amaganizira. Chosalungama n'kutenga ntchito ya kasitomala weniweni, kuigawira anthu asanu ofuna ntchito, kusonkhanitsa nzeru zawo kwaulere, kenako osalemba ndi mmodzi yemwe. Zimachitika, ndipo zimandipweteka chifukwa amene amaberedwa ndi ana opanda pothawira. Simungadziwe mtima wawo, koma mungadziteteze. Funsani mwaulemu ngati kampeniyo ndi yongoyesera kapena ikupitadi kwa kasitomala. Konzani masamba ochepa osonyeza ganizo lanu ndi chifukwa chake, osati kalendala ya mwezi wonse ndi zithunzi zomalizidwa. Tumizani PDF yokhala ndi dzina lanu ndi deti patsamba lililonse, mafayilo a Canva osinthika akhale kwa inu. Ndipo pemphani kuti mukaifotokoze nokha pamaso pawo. Pamenepo m'pamene mumagulitsa mutu wanu, umene sangaukopere.

M'masamba ochepawo musadzaze mawu a m'mabuku. Anthu amene adzakhale patsogolo panu amva kale za brand awareness, kudziwitsa anthu dzina la katundu, kambirimbiri. Auzeni kuti wogula ndi ndani, amakhala kuti, ndalama amazipeza liti, ndipo uthenga umufika bwanji. Wogula wa ku Glen View kapena Mabvuku nthawi zambiri amakhala ndi bundle ya WhatsApp yokha, ndiye vidiyo yolemera ya pa Instagram siimufika, pamene chithunzi chopepuka choti anthu azitumizirana chimafika mpaka kwa azakhali ake. Magetsi akazima foni imasungidwa, wailesi ya mu kombi ndiyo imalankhula, choncho Star FM kapena Radio Zimbabwe zikhoza kugwira ntchito kuposa Facebook pa katundu wina. January, May ndi September ndi miyezi ya fizi, matumba amakhala ouma. Misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu March, alimi amabwera m'tauni ndi ndalama. Chionetsero cha zamalonda cha ZITF ku Bulawayo chimachitika cha mu April, chionetsero cha zaulimi cha mu Harare chakumapeto kwa August. Munthu amene pulani yake ikudziwa zinthu izi amaoneka kuti amayenda pansi pamene ogula akuyenda. Malizani ndi ndalama zimene kampeniyo ingadye ndi mmene mudzadziwire kuti yagwira.

Chipinda chimene mukalowemo mwachiona kale: makampani ambiri a ku Milton Park, Belgravia ndi Eastlea ali m'nyumba zakale zosandutsidwa maofesi, jenereta ikulira kuseri, anthu awiri kapena atatu pa tebulo, mmodzi maso ali pa laputopu. Amene akuoneka kuti sakumvetserayo nthawi zambiri ndi amene amasunga thumba. Mukamafotokoza za timashopu tanu, musanene kuti "ndinakulitsa tsamba." Tsegulani foni muwaonetse: shopu ya makeke iyi, tinaika madola 20 pa Facebook sabata ya Mother's Day, anthu akuti anatumiza uthenga pa WhatsApp, maoda akuti anatuluka, mwini shopu anapeza zakuti. Ma like sadyetsa munthu, ndipo wa laputopu uja amadzutsa mutu akamva maoda. Zaka ziwiri zimene mukuziona ngati zazing'onozo ndi umboni woti mukudziwa kusandutsa ndalama zochepa kukhala malonda, ndipo umboni umenewu ndi umene ukuikira kumbuyo nambala yanu.

Chichewa chanunso musachibise. National FM imaulutsa m'Chichewa, m'mafamu a ku Mashonaland ndi m'matauni a migodi muli anthu athu ambiri, ndipo makampani a kuno amene amachita malonda ku Lusaka, Lilongwe ndi Blantyre amafuna munthu wolemba uthenga womveka kwa anthu a kumeneko. Wolankhula Chishona, Chingerezi ndi Chichewa ali ndi chinthu chimene ena pa mzerewo alibe. Wina akayamba kufunsa mokayikira za dzina la bambo anu kapena kumene munachokera, dziwani kuti gawo 5 la Labour Act limaletsa tsankho la mtundu, kochokera, kapena kuti munthu ndi mkazi kapena ndi woyembekezera, ngakhale polemba ntchito. Akakufunsani za ukwati ndi ana, yankhani mwachidule kuti ntchito mudzaigwira mokwanira, n'kubwerera ku nkhani ya ntchito. Tchuthi cha uchembere ndi masiku 98 pa malipiro athunthu, ndipo kusintha kwa lamulo kwa 2023 kunachotsa zoti uyambe wagwira chaka chathunthu. Si chinthu choti muchigulitse posinthana ndi ntchito.

Ikafika nthawi yotchula nambala, itchuleni kamodzi, momveka, ndi chifukwa chimodzi: "Poona ntchito imene mwafotokoza ndi zimene ndakuonetsani, ndikuyembekezera madola akuti ofika m'manja." Mukatero tsekani pakamwa. Padzakhala kachetechete, wina adzalemba kanthu, wina adzayang'ana mnzake. Mtima udzakuuzani kuti muwonjezere "komabe ngakhale zochepa ndilandira." Musatero. Ambiri amadzitsitsa okha pa masekondi amenewa bwana asananene kanthu. Ndipo chifukwa chanu chikhale ntchito, osati mavuto a kunyumba. Lendi ndi fizi ya mng'ono wanu n'zoona, koma aliyense amene wakhala pa mpandowo ali nazo, ndiye sizisuntha nambala.

Mwina adzati bajeti ndi yothina. Nthawi zina amanena zoona, chifukwa makasitomala nawo akuchepetsa ndalama zotsatsira. Apa musaumirire malo amodzi, tembenukirani ku zinthu zimene kampani imapereka mosavuta kuposa malipiro. Data ndi airtime zikhale za kampani, chifukwa ntchito ya masamba a pa intaneti imadya data usana ndi usiku, ndipo makasitomala amaimba ngakhale Lamlungu. Laputopu ikhale yawo. Ntchito ya activation, yokatsatsa katundu m'masitolo ndi m'mashopingi senta, imachitika Loweruka ndipo imatha usiku, ndiye funsani kuti wobwerera ku Mufakose 9 koloko ya usiku amamuperekeza ndani, komanso ngati tsikulo limabwezedwa kapena kulipidwa. Kwa mtsikana funso ili ndi la moyo, si la ndalama chabe. Funsani za medical aid, kaya ndi CIMAS, First Mutual kapena ina, ndi gawo limene kampani imalipira. Pemphani kuti malipiro adzaonedwenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, deti lake lilembedwe. Ndipo ngati malipiro ali otsikadi, pemphani chilolezo cholembedwa choti musunge timashopu tanu tiwiri kapena titatu timene sitikupikisana ndi makasitomala awo. Ambiri amavomera akafunsidwa poyera, koma amakwiya akazitulukira okha.

Chinthu chimodzi musadzavomere: kulipira malonda a kasitomala pa Facebook ndi khadi lanu poyembekeza kubwezeredwa. Makasitomala akuluakulu amalipira makampani awa patapita masiku 30, 60, nthawi zina 90, ndipo ndalama zikachedwa woyamba kuiwalika ndi wamng'ono. Pa chifukwa chomwechi funsani tsiku la malipiro, ndipo ngati mungapeze mpata lankhulani ndi wina wogwira ntchito pamenepo, ngakhale wa pa reception kapena dalaivala, mumufunse ngati malipiro amabwera pa nthawi yake. Safunsa anadya phula. Madola 450 obwera pa 25 mwezi uliwonse amaposa 600 obwera zidutswazidutswa pakati pa mwezi wotsatira.

Kodi akhoza kukukanani chifukwa chofunsa zonsezi? Kampani yabwino sichotsa munthu pa mndandanda chifukwa wafunsa mwaulemu kuti malipiro ndi a ndalama yanji. Choipitsitsa chimene inganene ndi "sitingathe, tili ndi zakuti," ndipo pamenepo mwapeza nambala yeniyeni yoti muiganizire. Imene ingakwiye ndi mafunso otere yakuonetsani mmene idzakhalire mwezi ukatha. Sindikukuuzani kuti mukane ntchito iliyonse yosafika pa nambala yanu. Chaka chimodzi m'kampani yokhala ndi makasitomala odziwika chimatsegula makomo, ndipo n'zomveka kulandira zotsikirapo pang'ono chifukwa cha zimenezo, bola zisatsike kuposa pansi panu paja ndipo zonse zikhale zolembedwa. Mukaganiza zokana, kanani ndi ulemu ndi kuthokoza, chifukwa anthu a ntchito iyi mu Harare ndi ochepa ndipo amasinthasintha makampani. Amene mwamukana lero mudzamupeza kwina ali kasitomala.

Akakupatsani kalata musasaine pomwepo ataimirira pambali panu. Pemphani kupita nayo kunyumba, mudzayankhe mawa lake. Iwerengeni modekha, muone ngati ndalama ya dola ndi ya ZiG, mtengo wosinthira, gross kapena net, masiku a probation, malipiro a pambuyo pake ndi zonse zimene munagwirizana pakamwa zalowamo. Chimene chasowa, lembani imelo yaifupi yowakumbutsa kuti achiikemo. Eni timashopu tanu musawatsanzike mpaka kalata yokonzedwayo itasainidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo kope limodzi likhale lanu.